Tulo ta Masana ta Wogwira Ntchito Usiku: Haki ya Mnansi Imene Ambirife Timaiwala



Nthawi ya 6 koloko m'mawa m'misewu ya ku Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Chinsapo mumadutsana magulu awiri a anthu. Gulu lalikulu likutuluka, lasamba, likuthamangira minibasi. Gulu linalo likubwerera kunyumba maso ali psuu, jekete lili paphewa. Amenewa ndi anthu amene achezera usiku wonse ali pantchito. Kwa iwo kutuluka kwa dzuwa ndi nthawi yogona, koma amakafika panyumba pomwe wailesi ya aneba yatsegulidwa, chigayo chalira, ana ayamba mpira pabwalo.

Madandaulo a anthu amenewa samveka kawirikawiri, chifukwa akangotsegula pakamwa amayankhidwa kuti, "Masana ano mukufuna tizinong'ona?" M'nkhani ino tifotokoza chifukwa chake tulo ta masana timavuta, zimene phokoso limachita m'thupi la munthu wogona, zimene Chisilamu chimaphunzitsa pa nkhaniyi, komanso zimene aliyense wa ife angachite.

Amene amachezera kuti ife tigone

Tiyambe ndi kuwadziwa anthuwa. Alonda ndiwo ambiri: a m'makampani a zachitetezo, a m'masitolo, a m'nyumba za anthu, ngakhale a pamizikiti ndi m'masukulu athu. Ambiri amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa. Pali anamwino, azamba ndi madokotala a m'zipatala monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene mayi akayamba kumva kupweteka 2 koloko usiku amapeza wina ali maso. Pali apolisi, ophika buledi amene timagula ali wotentha m'mawa, othira mafuta m'magalimoto, madalaivala a mathiraki ndi mabasi a usiku, ndi ogwira ntchito m'mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amene m'nyengo yodula nzimbe makina ake amayenda usiku ndi usana. Kunyanja, asodzi a usipa a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amalowa m'madzi ndi nyali dzuwa litalowa n'kukocheza m'bandakucha. Abale athu ambiri amene ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town nawonso amagwira ulonda kapena ntchito za m'mashopu osatseka, ndipo amagona m'zipinda zogawana ndi anzawo ogwira masana.

Palibe mwa anthu amenewa amene anadana ndi tulo ta usiku. Ndi riziki imene inawaika pamenepo, ndipo phindu la kuchezera kwawo timadya ndife. Katundu wathu akacha ali bwinobwino, wodwala wathu akalandira mankhwala pakati pa usiku, usipa ukafika pamsika, pali munthu amene walipira ndi tulo take.

Chifukwa chake tulo ta masana n'tosalimba

Anthu ambiri amaganiza kuti tulo ndi tulo basi, kaya usiku kaya masana, bola munthu watopa. Thupi silitero. Allah anaika mwa munthu aliyense wotchi ya m'thupi imene imazungulira pafupifupi maola 24. Likulu la wotchiyi ndi kagulu kakang'ono ka maselo kamene kali mkati mwa ubongo, ndipo kamalandira uthenga kuchokera m'maso. Kukada, kamalamula kuti thupi litulutse melatonin, michere imene imauza ziwalo zonse kuti nthawi yopuma yakwana. Kutentha kwa thupi kumatsika, ndipo kumafika pansi penipeni cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'bandakucha. Kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso, melatonin imaleka kutuluka, thupi limayamba kutentha, ndipo michere ina yodzutsa munthu imakwera. Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera mkati mwa maselo.

Tsono taganizirani mlonda amene waweruka 6 koloko. Wayenda wapansi kapena wapalasa njinga kwa ola lathunthu dzuwa likumuwomba m'maso. Pofika panyumba thupi latopa, koma wotchi ya m'thupi yalengeza kale kuti kwacha. Akagona amakhala akulimbana ndi thupi lake lomwe. Tulo timabwera chifukwa cha kutopa, koma timakhala topepuka, toduka msanga. N'chifukwa chake ogwira ntchito usiku ambiri amagona maola ochepa kuposa anzawo a masana, pomwe munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ndipo wotchiyi siisintha msanga. Ngakhale munthu agwire ulonda zaka khumi, dzuwa la m'mawa ndi masiku opuma zimabwezera thupi lake ku chizolowezi cha masana.

Tulo natonso tili ndi magawo. Munthu amayamba ndi tulo topepuka, kenako tulo tofa nato, kenako tulo ta maloto, ndipo kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi mphindi 90. Tulo tofa nato ndi timene timakonza thupi, pomwe ta maloto timathandiza maganizo ndi kukumbukira. Munthu akadzidzimutsidwa pakati, samangopitiriza pomwe analekezera. Amayambanso pachiyambi, ndipo masana nthawi zambiri tulo tikathawa sitibwereranso.

Phokoso ndi munthu wogona

Maso amatsekeka munthu akagona, koma makutu satsekeka. Ubongo umapitiriza kumvetsera, ndipo phokoso ladzidzidzi limathamangitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi ngakhale munthuyo asanatsegule maso. Angadzuke osakumbukira kuti anasokonezedwa, koma thupi lili lolemera ngati sanagone.

Kukula kwa phokoso kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa decibel. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 1999, linati kuti munthu agone bwino phokoso la m'chipinda lisapitirire ma decibel 30, ndipo phokoso lobwera kamodzikamodzi lisapitirire 45. Muyezo wa 30 ndi wofanana ndi kunong'ona. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amafika cha m'ma 60. Ndipo ma decibel akakwera ndi 10, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Choncho macheza wamba a pakhonde, pafupi ndi zenera la munthu wogona, adutsa kale malire, tisanatchule sipika kapena chigayo.

Nyumba zathu zambiri sizithandiza. M'mataunishipi timakhala m'nyumba za lendi zamdadada, mabanja anayi kapena asanu pa pulothi imodzi, bafa limodzi, mpopi umodzi. Khoma logawa zipinda kawirikawiri silifika kudenga, ndipo pomwe palibe siling'i mawu amangodumpha pamwamba. Denga la malata limakuza phokoso, ndipo mu Okutobala ndi Novembala limasandutsa chipinda kukhala uvuni. Wogonayo akatseka zenera aphikika, akatsegula phokoso lilowa.

Mtengo wa tulo toperewera

Kusagona mokwanira si nkhani ya kuyasamula chabe. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchita zinthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa. Ife Asilamu timadziwa kuipa kwa chinthu chophimba nzeru. Tiganizire tsono kuti namwino amene akuyeza mankhwala a mwana wathu, kapena dalaivala amene watinyamula pa msewu wa M1 usiku, angakhale mumkhalidwe wotere chifukwa chakuti masana sanapeze mpata wogona.

Pakapita zaka, kugona moperewera ndi kosokonezeka kumayendera limodzi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga, mtima ndi kunenepa kosayenera. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, mu 2007 ndiponso mu 2019 inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimathandizira kuyambitsa khansa. Mawu akuti mwina ndi ofunika pano: sizikutanthauza kuti aliyense wogwira usiku adzadwala, koma kuti thupi lake lasenza kale katundu amene ife tilibe.

Palinso mtengo wina umene umaoneka msanga. Mlonda akapezeka akusinza amadulidwa malipiro kapena kuchotsedwa ntchito, ndipo akuba akalowa iye ali mtulo, woyamba kumangidwa ndi iyeyo. Kunyumba, bambo wosagona amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ana amamuopa, mkazi amamuona ngati wasintha. Mayi wogwira usiku zimamuvuta koposa, chifukwa akafika amapeza mbale, zochapa ndi ana zikumudikira, ndipo akagona masana apongozi ndi aneba amamutcha waulesi.

Zimene Chisilamu chimaphunzitsa

Qur'an ikutiuza mu Surat An-Naba kuti tulo ndi mpumulo, usiku ndi chofunda, ndipo usana ndi nthawi yofunafuna zotithandiza pa moyo. Ena amaimira pomwepa n'kunena kuti wogona masana wasemphana ndi chilengedwe, choncho zake zimenezo. Koma Qur'an yomweyo, mu Surat Ar-Rum ndime 23, ikutchula kugona kwathu kwa usiku ndi kwa usana, pamodzi ndi kufunafuna kwathu zabwino za Allah, kuti zonsezi ndi zina mwa zizindikiro zake. Ndipo mu Surat An-Nur ndime 58 muli nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba ayenera kuodira asanalowe kuchipinda kwa akuluakulu. Imodzi mwa nthawizo ndi ya masana, pomwe anthu avula zovala kuti apume. Choncho mpumulo wa masana ndi wodziwika m'chipembedzo chathu, ndipo uli ndi ulemu wake.

Za mnansi, Surat An-Nisa ndime 36 yamuika pamndandanda umodzi ndi makolo, achibale, amasiye ndi masikini, ndipo yatchula mnansi wapafupi ndi wapatali yemwe. Mu Bukhari ndi Muslim muli Hadith yofotokoza kuti Jibril ankamulangiza Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) za mnansi mobwerezabwereza, mpaka Mtumikiyo anaganiza kuti mnansi apatsidwa gawo pa chuma cha masiye. Mu Hadith ina ya mu Bukhari, iye analumbira katatu pokana chikhulupiriro cha munthu amene mnansi wake sakhala pamtendere chifukwa cha zoipa zake. Ma Ulama amafotokoza kuti tanthauzo lake ndi kuperewera kwa imani ya munthu wotere. Kumulanda munthu tulo tsiku ndi tsiku, pomwe tikudziwa ndipo tingathe kupewa, kukulowa m'zoipa zimenezi.

Pali chitsanzo chimene chikukhudza nkhaniyi mwachindunji. Swahaba Miqdad bin Al-Aswad (Allah asangalale naye) anakhalapo mlendo wa Mtumiki pamodzi ndi anzake awiri. Iye akusimba mu Sahih Muslim kuti Mtumiki akabwera usiku ankapereka salamu mwa njira yoti amene ali maso amve koma wogona asadzuke. Salamu ndi ibada, ndipo woiperekayo anali mwini nyumba, komabe anaitsitsa chifukwa cha tulo ta alendo ake. Abu Sa'id Al-Khudri (Allah asangalale naye) naye akusimba mu Sunan ya Abu Dawud kuti Mtumiki ali pa itikafu mumzikiti anamva anthu akuwerenga mokweza. Anatsegula chinsalu n'kuwaletsa kuvutitsana ndi kukwezerana mawu, pakuti aliyense wa iwo akulankhula ndi Mbuye wake. Ngati kuwerenga Qur'an kunaletsedwa kukhala chosowetsa wina mtendere, kuli bwanji nyimbo, filimu ndi mpira wa pawailesi?

Lamulo lakuti munthu asadzetse vuto kwa mnzake, kapena kubwezera vuto ndi vuto, ndi limodzi mwa maziko a Shariah, ndipo Imam An-Nawawi anaika Hadith yake pa nambala 32 m'Mahadith ake makumi anayi. Ma Qadhi akale ankaligwiritsa ntchito pa milandu ya anthu oyandikana nyumba. Ibn Ar-Rami, mmisiri womanga nyumba wa ku Tunis wa m'zaka za m'ma 1300, analemba buku la malamulo a zomangamanga, ndipo anafotokoza mmene ankayezera mphero yoyendetsedwa ndi nyama imene mnansi waidandaula. Ankapachika pepala ndi zingwe kudenga la wodandaulayo, n'kuikapo tinjere touma, kenako n'kuyendetsa mpheroyo. Tinjereto tikagwedezeka, mwini mphero ankalamulidwa kuisuntha. Pa phokoso lokha lopanda kugwedeza khoma ma Ulama ankasiyana maganizo, chifukwa ankaopanso kumutsekera munthu ntchito imene amadyera. Apa tikuphunzirapo kuti mbali zonse ziwiri zili ndi haki, ndipo nkhani imaweruzidwa poyeza, osati pokuwa.

Tikumbutsanenso kuti haki ya mnansi siyang'ana chipembedzo. Abdullah bin Amr (Allah asangalale naye) atazingitsa mbuzi kunyumba kwake, anafunsa mobwereza ngati mnansi wake Myuda wapatsidwako nyama. Mlonda wa khomo loyandikana nalo, kaya amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu, tulo take n'tolemekezeka chimodzimodzi.

Phokoso la moyo ndi phokoso la mphwayi

Sitikunena kuti dera lonse likhale chete ngati kumanda chifukwa munthu mmodzi wagona. Masana ndi nthawi ya ntchito. Mayi asinja, kalipentala akhoma, wowotcherera zitsulo adula, mwana alira, wogulitsa masamba aitanira malonda ake. Limeneli ndi phokoso la moyo, ndipo wogwira usiku ayenera kulipirira monga mmene ena amapiririra iye akamagogoda pageti m'mamawa.

Koma pali phokoso lina limene silidyetsa munthu aliyense. Wailesi yokwezedwa mpaka kumapeto mwini wake ali kumsika. Sipika yoikidwa pakhonde moyang'ana zenera la mnansi. Kukuwa poitana mwana amene ali pamtunda wa mapazi khumi. Kumenyetsa chitseko ndi geti. Njinga yamoto ya kabaza yongolizidwa pabwalo popanda ulendo. Foni yolankhulidwa pa sipika pansi pa zenera la wina. Zonsezi tingazichepetse osataya ngakhale tambala imodzi. Luqman polangiza mwana wake, mu Surat Luqman ndime 19, anamuuza kuti azitsitsa mawu, ndipo anafanizira mawu okwezedwa mopanda pake ndi kulira kwa bulu.

Ngakhale phokoso la ntchito lingathe kusunthidwa. Mtondo ungapite kuseri kwina kwa nyumba. Ana angauzidwe kuti mpira wa m'mawa azikasewerera kutsidya, pafupi ndi zenera la amalume azibwera madzulo. Amene akukonza chinkhoswe, nikah kapena sadaka angawadziwitse aneba masiku angapo zisanachitike, kuti wogwira usiku apeze kwa m'bale kokagona tsiku limenelo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ntchito zikusowa, ndipo amene akukweza wailesi lero mwina chaka chamawa ndi amene adzavale yunifolomu ya ulonda.

Mizikiti ndi madrasa athu

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife oyendetsa mizikiti ndi madrasa. Azana ndi chizindikiro cha Chisilamu, imatenga mphindi zochepa, ndipo nthawi yake imadziwika. Wogwira usiku amene ndi Msilamu amaifuna kuti imudzutse, ndipo aneba ena ambiri anaizolowera. Koma maulaliki, makaseti a Qur'an ndi ma nashidi otulutsidwa pa masipika akunja kwa maola angapo ndi nkhani ina. Amene abwera kudzamvera ali mkati, ndipo sipika yam'kati iwakwanira. Kunja kuli odwala, makanda, ophunzira ndi ogona. Ena mwa iwo amafika poipidwa ndi mawu a Allah chifukwa cha mmene ife tawaperekera, ndipo Qur'an ikamawerengedwa pamalo pomwe anthu sangathe kuimvetsera, ulemu wake umachepa.

M'madrasa ana amawerenga mokweza pamodzi, ndipo ndi mmene amasungira pamtima. Ambiri amayamba masana ana akaweruka kusukulu, nthawi imene wogwira usiku amakhala akudzuka. Koma a m'mawa, makamaka pa holide, angathe kutseka mazenera a mbali ya nyumba za anthu, ndipo mwalimu angayang'anire ana potuluka kuti asachite chipwirikiti. Phunziro la adabu kwa mnansi limalowa bwino mwana akamaliona likuchitika pakhomo pa madrasa pomwepo.

Kwa inu amene mumagwira usiku

Thupi lanu ndi amana, ndipo Mtumiki anamukumbutsa Abdullah bin Amr, amene ankachezera usiku ndi mapemphero, kuti thupi ndi maso ake zili ndi haki pa iye. Pali zinthu zingapo zimene zili m'manja mwanu.

Choyamba ndi kuwala. Pobwerera kunyumba valani chipewa kapena magalasi akuda, kupatula ngati mukuyendetsa galimoto muli ndi tulo. Chipinda chikhale chamdima: bulangete lakale kapena katoni pazenera zimagwira ntchito ngati makatani odula. Mukafika musachedwe ndi macheza kapena foni. Idyani chakudya chopepuka, sambani, gonani.

Chachiwiri ndi makutu. Timapulagi tofewa totseka m'makutu timapezeka m'mafamase ena ndi m'masitolo a zipangizo zomangira, ndipo timachepetsa phokoso kwambiri. Phokoso losasintha, monga la fani, limaphimba phokoso ladzidzidzi, ndipo ubongo umalizolowera. Bedi kapena mphasa ikhale kutali ndi khoma logawana ndi aneba. Foni ikhale chete, koma alamu ikhale yotchera.

Chachitatu ndi zakumwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, imene theka lake limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Imwani kumayambiriro kwa ntchito, osati m'bandakucha. Mapiritsi ogonetsa musamwe popanda dokotala, ndipo mowa ndi chamba, kuwonjezera pa kukhala haramu, zimaononga tulo tomwe munthu akutifunato.

Chachinayi ndi nthawi. Yesetsani kugona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Ngati maola 7 sakutheka nthawi imodzi, gawani pawiri: tulo tatikulu m'mawa, ndi tina tochepa madzulo musananyamuke. Ndipo ngati mwachita zonsezi koma mukusinzabe pantchito, mutu ukupweteka kawirikawiri kapena mtima ukuthamanga, pitani kuchipatala akakuyezeni.

Nanga Swala?

Funso limene ogwira usiku amatifunsa kwambiri ndi la Dhuhr. Kuno kwathu nthawi ya Dhuhr imalowa 12 koloko isanakwane, ndipo imapitirira mpaka kulowa kwa Asr, cha m'ma 3 koloko kapena kutsala pang'ono, malinga ndi nyengo ya chaka. Munthu amene wagona 7 koloko m'mawa angathe kudzuka cha m'ma 1 koloko kapena hafu pasiti, n'kuswali Dhuhr mkati mwa nthawi yake atagona maola 6. Onani ndandanda ya nthawi ya pamzikiti wanu kuti mudziwe malire enieni. Amene angathe kupeza jamaa wapeza thawabu zochuluka, ndipo ndi bwino kuyesetsa.

Nanga amene watchera alamu, wauza a m'nyumba kuti amudzutse, koma tulo tamugonjetsa? Pobwerera ku Khaybar, Mtumiki ndi Maswahaba anayenda usiku, ndipo atatopa anamusiya Bilal (Allah asangalale naye) kuti alondere m'bandakucha. Bilal anatsamira ngamira yake n'kugona, ndipo onse anadzutsidwa ndi dzuwa. Mtumiki sanamulange. Anasuntha pamalopo, n'kuswali Fajr, ndipo anaphunzitsa kuti woiwala Swala aiswali pomwe wakumbukira. Umu ndi mmene zilili kwa wogonjetsedwa ndi tulo. Koma kugona dala popanda kukonzekera kudzuka, tsiku ndi tsiku, kumeneko ndi kunyozera.

Jumu'ah ndi yokakamizidwa kwa mwamuna amene ali pamudzi ndipo ali bwino, choncho Lachisanu ligawidwe: gonani msanga mukangofika, dzukani nthawi ya Jumu'ah, mukabwerako gonaninso. M'mwezi wa Ramadhan ogwira usiku amapeza mpata wa daku ali maso kale, koma Tarawehe imawadutsa. Tarawehe ndi Sunnah, ndipo angathe kuiswali okha pa nthawi yopuma ngati sizisokoneza ntchito imene anapatsidwa. Kulondera katundu wa anthu mokhulupirika kuti ana adye za halali nakonso ndi ibada, munthu akaika niya yabwino.

Kukambirana kusanafike pa mkangano

Aneba ambiri sachita phokoso mwa nkhanza. Sadziwa kuti kuseri kwa khomalo kuli munthu amene wagona 8 koloko m'mawa. Choncho njira yoyamba ndi kuwauza, ndipo nthawi yabwino si pomwe mwadzidzimutsidwa mtima uli m'mwamba. Pitani madzulo, perekani moni, fotokozani ntchito yanu, ndipo pemphani chinthu chimodzi chodziwika: "Amayi, ine ndimagwira usiku. Ndikupempha kuti kuyambira m'mawa mpaka 1 koloko wailesi izikhala yotsika, ikakwana nthawi imeneyo palibe vuto." Pempho lokhala ndi malire limalandiridwa msanga kuposa dandaulo lopanda mutu. Akasintha, athokozeni.

Zikakanika, pitani kwa eni nyumba, kenako kwa amfumu kapena atsogoleri a m'dera, kapena kwa Imam ndi akuluakulu a mpingo wa mnzanuyo. Phokoso la mabala ndi malo a malonda lingatengeredwe ku khonsolo, imene imapereka ziphaso za malo oterewa. Chimene sitiyenera kuchita ndi kubwezera, monga kumenyetsa zitseko usiku kuti nawonso alawe. Vuto silichotsedwa ndi vuto linzake.

A m'nyumba nawo ali ndi gawo lalikulu. Mlendo akabwera m'mawa auzidwe kuti bambo kapena mayi agona, abwerenso madzulo. Wogwira usiku asatumidwe kumsika kapena kuchigayo chifukwa choti ali panyumba. Mwamuna amene mkazi wake ndi namwino wa usiku agwireko ntchito za pakhomo, pakuti Mtumiki ankathandiza akunyumba kwake. Eni nyumba za lendi, pogawa zipinda, angamupatse wogwira usiku chipinda chakumapeto, kutali ndi mpopi, ndipo kumaliza khoma mpaka kudenga ndi sadaka imene alendi onse adzapindula nayo. Olemba anthu ntchito, kuphatikizapo makomiti a mizikiti, akumbukire kuti lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 linaika maola 48 pa sabata ngati muyezo wa ntchito, ndipo mlonda amene sapatsidwa tsiku lopuma, kapena amene amauzidwa kuti atsale masana azithirira maluwa, akuponderezedwa.

Aliyense wa ife adzifunse lero: pa nyumba zimene zazungulira yanga, ndi iti imene muli munthu wogwira usiku? Ngati sitikudziwa, tifunse. Tikadziwa, titsitse wailesi, tisunthe mtondo, tiwauze ana. Tikupempha Allah kuti awapatse mphamvu ndi riziki ya halali onse amene amachezera usiku potumikira anthu, awateteze ku zoopsa za mumdima, ndipo atichite ife kukhala anansi amene anzathu amagona mwamtendere chifukwa cha ife. Amin.